Kodi minda ya mumlengalenga akugawana ndani?

Amene munayendapo pa msewu wochoka ku Dedza kupita ku Ntcheu mukudziwa kuti pa Lizulu msewu womwewo ndiwo malire. Tsidya lino ndi Malawi, tsidya ilo ndi Mozambique, ndipo mayi wogulitsa kabichi ndi mbatata ya kachewere amadumpha mayiko awiri kakhumi pa tsiku popanda womufunsa chiphaso. Mwezi wathawu ndinatsika basi pamenepo kuti ndigule ndiwo zamasamba. Ndili mkati monenerera, foni inalira m'thumba: uthenga wondilandira ku dziko la eni. Chonsecho phazi langa linali lisanaoloke msewu. Ndinaimba kunyumba kwa mphindi zochepa chabe, ndipo mayunitsi amene ndinagula ku Lilongwe m'mawa womwewo anasungunuka ngati mchere wogwera mumtsuko. Mayi wa kabichi uja anangondiseka. "Achimwene, mwachita kudabwa? Ife kuno tinazolowera. Timayenda ndi makadi awiri."

Nditabwerera m'tauni ndinakadandaula kwa mnzanga wina wophunzira bwino za mawailesi, mmodzi mwa amene anabwerera kumudzi zinthu zitasintha mu 1993. Yankho lake linali lalifupi: "Zimenezo n'za akatswiri, iwe zisiye." Abale anga, mawu amenewo ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe. Tinawamvapo kale mawu otere. Kwa zaka 30 tinkauzidwa kuti ndale n'za eni ake, chuma cha dziko n'cha eni ake, ife zathu n'kuomba m'manja ndi kugula khadi. Lero wina andiuzenso kuti mphepo imene imanyamula mawu anga kupita kwa mayi anga kumudzi ili ndi eni ake? Iyayi. Safunsa anadya phula.

Nkhaniyi siyovuta monga amaionetsera. Foni yam'manja ilibe chingwe. Mawu ake amayenda pa mafunde a wailesi, omwe aja amanyamula MBC. Inu amene munali ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare kapena ku London, ndi ife otsala kuno amene tinkapotokola wailesi usiku, zitseko zotseka, mawu ali pansipansi, kusakasaka BBC pa mita bandi yake, tonse tikudziwa kuti wailesi iliyonse ili ndi malo ake. Ziwiri zikakhala pa malo amodzi chimatuluka ndi chiphokoso basi. N'chimodzimodzinso ndi mafoni. Mlengalenga monsemu anamugawa m'zigawo ngati dimba, ndipo muyeso wake ndi MHz. Zigawo za pansi pa 1000 MHz, monga 700, 800 ndi 900, ndiye dambo lachonde: mafunde ake amapita kutali, amalowa m'nyumba, amadutsa m'mitengo, kotero nsanja imodzi imakwanira midzi yambirimbiri. Zigawo za pamwamba, monga 2600 kapena 3500 MHz, zimasenza katundu wambiri koma zimatopera pafupi; n'zabwino ku Limbe ndi ku City Centre kumene anthu athithikana. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumudzi. Ndiye mwaona nokha kuti dambo lachonde lija n'lofunika bwanji kwa ife. Ndipo dambolo silikula. Wina akalitenga n'kulitchinga, latha.

Achikulire akukumbukira mmene m'zaka za m'ma 1970 malo a mafumu ku Kasungu ndi ku Mchinji anasandukira maesiteti a fodya a anthu oyandikana ndi mpando. Mwini munda ankangodzuka n'kupeza zikhomo zakhomedwa, mapepala anasainidwa kale kutali. Mumlengalenga zinali chimodzimodzi. Nthawi yonse ya chipani chimodzi nyumba youlutsa mawu ya dziko inali imodzi, ndipo wailesi yakanema tinadzaiona mu 1999. Sikuti mphepo inali itadzaza ayi. Panali munthu amene anaika kiyi m'thumba. Lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA kuti lizigawa mafundewa, ndipo lamulo lina la 2016 linalowa m'malo mwake. Koma malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 12, amanena poyera kuti aliyense wokhala ndi mphamvu za boma wangosungitsidwa mphamvuzo ndi anthu. Wosunga mbuzi za mwini sakwiya akafunsidwa kuti zaswa zingati.

Tsono pali anzathu ena, okonda dziko lawo ndithu, amene amati: popeza mafunde a ku Mozambique akutisokoneza, ndipo Malawi ndi dziko loima palokha, bwanji tisankhe zigawo zathuzathu zosiyana ndi za anansi? Maganizo amenewa amakoma m'khutu pa msonkhano wandale, koma ndi chikomekome cha mkuyu. Azungu anayesa kale njira imeneyo ndipo anapsa nayo. M'zaka za m'ma 1980 mayiko a ku Ulaya anali ndi mafoni osamvana: a ku Scandinavia ndi NMT yawo, Britain ndi TACS, West Germany ndi C-Netz, France ndi Radiocom 2000. Foni ya ku London ikafika ku Paris inkasanduka njerwa. Fakitale iliyonse inkapangira msika waung'ono, ndiye foni inali ya mabwana okhaokha. Atatopa, mu 1982 anakhazikitsa kagulu kotchedwa Groupe Spécial Mobile, komwe kunachokera dzina loti GSM. Mu 1987 mayiko a European Community anagwirizana kusunga chigawo cha 900 MHz kuti chikhale cha foni yatsopanoyo, ndipo chaka chomwecho makampani a mayiko 13 anasainirana pangano ku Copenhagen. Pa 1 July 1991 a Harri Holkeri, amene anakhalapo nduna yaikulu ya Finland, anaimba foni ya GSM ku Helsinki pa mwambo wotsegulira. Zaka zochepa zitadutsa, mtengo wa foni unagwa, chifukwa fakitale imodzi inkapangira makontinenti angapo nthawi imodzi.

Ife tinakolola pamene sitinalime. Pamene TNM inkakhazikitsidwa mu 1995, ndi Celtel mu 1999, zinatenga GSM yomweyo pa zigawo zomwezo za ku Ulaya. N'chifukwa chake kafoni kotchipa kopangidwa ku China kamagwira pa Jenda ngati mmene kamagwirira ku Lagos. America inatsata njira yake ya 850 ndi 1900 MHz, ndipo ena mwa inu mukukumbukira manyazi a m'bale wochokera ku Washington atatulutsa foni yonyezimira pa bwalo la ndege la Chileka, koma osagwira kanthu. Kodi America ndi Malawi n'zofanana? Iwo ali ndi anthu oposa 300 miliyoni, mafakitale amawagwadira. Ndani ku Shenzhen angayatse makina kuti apangire Amalawi okha foni yawoyawo? Akatero mtengo wake adzaukwanitsa ndi nduna zokha. Kunyada kotero kulipira kwake kumagwera mayi wa pa Lizulu.

Bwalo limene mayiko amagawanirana mlengalenga lilipo, ndipo ndi lakale kuposa United Nations. Bungwe la ITU linayamba mu 1865 ku Paris pa nkhani za matelegalamu, ndipo likulu lake lili ku Geneva. Pa zaka zitatu kapena zinayi zilizonse limaitanitsa msonkhano waukulu wa mafunde a wailesi, wotchedwa WRC, kumene mayiko oposa 160 amakangana kwa milungu inayi. Dziko lapansi analidula patatu: chigawo choyamba ndi Africa, Ulaya, mayiko a Aluya ndi mayiko a Soviet Union yakale, chachiwiri ndi America yonse, chachitatu ndi Asia ndi zilumba za Pacific. Kukhala khola limodzi ndi Ulaya kwatipindulitsa, monga ndanenera, koma kunatizolowezanso ulesi. Kwa nthawi yaitali Azungu ankafika atamanga kale mfundo zawo, ife n'kumangovomera.

Zinasintha mu 2012, ndipo nkhani imeneyi ndikufuna ana a sukulu aziidziwa. Msonkhano wa 2007 unali utapereka chigawo cha 790 mpaka 862 MHz kwa mafoni. Kwa Azungu zinali bwino. Koma m'mayiko ambiri a mu Africa mbali ina ya chigawocho inali itatengedwa kale ndi mafoni a mtundu wa CDMA, pamene chigawo cha pansi pake, 694 mpaka 790 MHz, chinali chosungidwira wailesi zakanema zimene ambiri a ife tinalibe n'komwe. Munda wachonde unkangomera tchire. Pa msonkhano wa ku Geneva kumayambiriro kwa 2012, mayiko a mu Africa ndi a Aluya anaimirira pamodzi n'kunena kuti chigawocho chipatsidwenso kwa mafoni. Nkhaniyo sinali ngakhale pa mndandanda wa zokambirana. Nyumba zoulutsa mawu za ku Ulaya zinakana, poti kwawoko chigawocho chinali chodzaza ndi makanema. Anthu akuda sanasunthe. Pomaliza msonkhano unavomera, n'kuti ziyambe kugwira ntchito ukatha msonkhano wa 2015. Ndipo tamverani izi: mu 2017 European Union yomwe inalamula mayiko ake kuti pofika pakati pa 2020 achotse makanema mu 700 MHz n'kupereka kwa mafoni. Amene ankatitsogolera anatitsata pambuyo. Malawi payekha sakanatha, Nigeria payekha sakanatha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Koma kupambana ku Geneva sikumanga nsanja ku Nthalire. Ukabwera ndi pepala uyenera kusesa pakhomo. Pangano la ku Geneva la 2006 linaika 17 June 2015 ngati tsiku lomaliza kusamutsa makanema kuchoka pa njira yakale kupita pa dijito, kuti malo apezeke. Mayiko ambiri a mu Africa analephera tsikulo. South Africa, ndi chuma chake chonse, inataya zaka m'mikangano ya nduna, makampani ndi makhoti pa nkhani ya timabokosi ta dijito, mpaka mu 2022 mlandu unali ku khoti lalikulu loona za malamulo a dziko. Kwa zaka zoposa khumi makampani a mafoni kumeneko sanalandire mafunde atsopano a intaneti yothamanga, ndipo okushoni inadzachitika mu March 2022, n'kubweretsa marandi pafupifupi 14.4 biliyoni. Zaka zonsezo wolipira anali ndani? Achibale athu omwe ali ku Joni, ogula bandulo yodula kuti aone nkhope za ana awo.

Apa ndafika pa anthu amene ndikulimbana nawo kwenikweni: akuluakulu osunga thumba la boma m'mayiko athu ano. Iwo akamva za mafunde, maso amatuluka ngati mlimi woona mabelo ake pa okushoni ya ku Kanengo. Anamva kuti mu 2000 Britain inagulitsa ziphaso za 3G pa mapaundi 22.5 biliyoni, ndi kuti Germany chaka chomwecho inapeza pafupifupi mayuro 50 biliyoni. Chimene safuna kumva n'chakuti makampani ogulawo anatsala ndi ngongole zothyola msana, ena anabweza ziphaso osamanga kanthu, ndipo 3G yomweyo inachedwa kufika kwa anthu. Komabe aliyense anafuna kulawako. Mu 2013 Mozambique inaika pa malonda chigawo cha 800 MHz, mtengo woyambira madola 30 miliyoni pa gawo lililonse. Palibe kampani inabwera, ndipo dambo lachonde linagona zaka zingapo. Mu 2015 Ghana inaika magawo awiri a 800 MHz pa madola 67.5 miliyoni lililonse. Inagula ndi MTN yokha, imene inali kale yaikulu kuposa onse, n'kuyamba 4G anzake akungoyang'ana. Boma linasangalala ndi cheke, msika unapendekera mbali imodzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kampani ikalipira boma ndalama zankhaninkhani, kodi imazitola kuti? Siitenga m'thumba la mwini wake ku London kapena ku New Delhi. Imazitenga pa mayunitsi anu, kapena imachepetsa nsanja zimene ikanamanga, ndipo nsanja zoyamba kufufutidwa pa pulani si za ku Nyambadwe kapena ku Area 10 ayi, ndi za ku Makanjira ndi ku Chapananga. Ndiye ndalama imene nduna imanyadira m'Nyumba ya Malamulo ndi msonkho wobisika, wokhometsa osauka. Fisi akadya mbuzi yako n'kukubwezera chikopa, usamuthokoze.

Musaganize kuti ndikunena kuti mafunde azingoperekedwa ulere kwa aliyense wodziwana ndi bwana. Dzenje limenelo ndi lakuya kuposa loyamba. Ku India mu 2008 unduna unagawa ziphaso za mafoni pa mtengo wa 2001, potsata amene wayamba kufika pa khomo, ndipo tsiku lotsekera linasinthidwa anthu atapereka kale makalata. Mu February 2012 khoti lalikulu la dzikolo linafafaniza ziphaso 122. Nduna yake, a A. Raja, inakhala m'ndende kudikira mlandu, ngakhale kuti mu December 2017 khoti linamasula onse oimbidwa mlandu chifukwa umboni unaperewera. Kaya panali katangale kaya panalibe, kugawa kosaonekera poyera kunagwetsa makampani ndi kuchotsa anthu ntchito. Kwathu kuno nako tinaona chiphaso cha kampani yachitatu chikuperekedwa kwa G-Mobile, kenaka kwa Celcom mu 2011, anthu n'kuyembekeza kuti mitengo itsika. Palibe mwa awiriwa amene anafika potigulitsa khadi.

Chimene ndikufuna si chachilendo. Mndandanda wa amene ali ndi chigawo chilichonse, kukula kwake, ndalama zimene analipira, chaka chimene chiphaso chidzathe, ndiponso ngati akuchigwiritsa ntchito kapena angochikhalira, usindikizidwe m'nyuzipepala ndi kuwerengedwa pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Kuuika m'chikalata cha Chingerezi pa intaneti kuti auwerenge anthu khumi sikuuza mtundu. Wopatsidwa dambo la 700 kapena 800 MHz alipire mtengo wabwino, koma mbali yaikulu ya malipiro ake ikhale nsanja: alembe maina a madera amene adzafikeko ndi chaka chake, ndipo akalephera alandidwe. Wosunga munda osaulima aubweze kwa amfumu. Ndipo pamene kampani yaikulu yanena yokha kuti kumudzi kwakutikwakuti kulibe phindu, isaletse ena ang'onoang'ono kulimako. Mu 2013 aphunzitsi a sayansi a ku Chancellor College, mogwirizana ndi MACRA, anaonetsa ku Zomba kuti mipata yongokhala pakati pa mafunde a makanema ingathe kunyamula intaneti kupita ku sukulu ndi kuchipatala pa mtunda wa makilomita angapo. Nzeru zilipo m'dziko muno, si zochita kuitanitsa.

Za pa Lizulu nazo zili ndi mankhwala ake, ndipo si kuthawa zigawo za anansi. Ndi kukhala pansi ndi anansiwo: MACRA ndi INCM ya ku Mozambique, ZICTA ya ku Zambia ndi TCRA ya ku Tanzania, n'kugwirizana kuti nsanja za m'malire zizilankhula ndi mphamvu yotani, ziziyang'ana kuti, ndipo tinjira titi tikhale ta uyu, titi ta uyo. Bungwe lowasonkhanitsa a kum'mwera kuno liliponso, CRASA, ku Gaborone. Dziko lathu ndi lopyapyala ngati chinangwa. Kuchoka pa Mchinji, pa Mwanza, pa Muloza, pa Chiponde kapena pa Songwe, ndi Amalawi angati amene amagona kutali ndi malire? A pa Likoma ndi pa Chizumulu azunguliridwa ndi madzi a Mozambique mbali zonse. Ndipo ngakhale foni itadumphira tsidya lina, n'chifukwa chiyani mtengo wake uzikhala wa chilango? Mu 2006 Celtel inachotsa ndalama zapadera zoimbira uli kunja pakati pa Kenya, Tanzania ndi Uganda, ndipo mu 2007 inafikitsa dongosololo ku Malawi. Kampaniyo sinagwe nazo. European Union inathetsa ndalama zoterezi pa 15 June 2017. Malire amene anadula Angoni a ku Ntcheu ndi a ku Angonia, Achewa a ku Mchinji ndi a ku Chipata, anajambulidwa ndi atsamunda. N'zomvetsa chisoni kuti ife eni ake tizilipiritsa mwana poimbira amalume ake okhala tsidya la msewu.

Mkangano wina uli m'njira. Ku Dubai kumapeto kwa 2023 mayiko a chigawo chathu anagwirizana kuti 6425 mpaka 7125 MHz ikhale ya mafoni, pamene America inali itapereka kale chigawo chonsecho kwa Wi-Fi mu 2020. Msonkhano wotsatira udzakhala mu 2027 ku Shanghai, ndipo pa mndandanda pali nkhani ya masetilaiti olankhula mwachindunji ndi foni ya m'thumba mwanu, osadzera pa nsanja. Starlink inayamba kale kugulitsa intaneti m'dziko muno mu 2023. Setilaiti ikamadutsa pamwamba pa Dedza siidziwa kuti Calomue ndi dziko lina. Ngati ingafikitse foni ku Nyika ndi m'zigwa za Shire kumene nsanja sizinafike, tiilandire ndi manja awiri. Koma idzagwiritsa mafunde a yani, idzalipira kwa yani, ndipo ikasokoneza netiweki ya mnansi adzayankha ndani? Makampani a mabiliyoni ayamba kale kuyenda m'maofesi a mayiko kunong'oneza mayankho awo.

Tsono aphungu athu a komiti yoona zofalitsa nkhani ndi mauthenga, ntchito ndi iyi. Nthumwi zathu zisanakwere ndege ya ku Shanghai ziitanidwe poyera, atolankhani alipo, zifotokoze kuti Malawi akukanena chiyani, wagwirizana zotani ndi anzake a SADC ndi a African Telecommunications Union ku Nairobi, ndipo m'gulumo mainjiniya ndi angati, ongotsata maalawansi ndi angati. Zikabwerako zidzafotokozenso. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ine mbali yanga ndayamba. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo silinena kuti wofunsa akhale ndi digiri ya zamagetsi. Lolemba likudzali ndikukapereka kalata yopempha mndandanda uja wa eni minda ya mumlengalenga, ndi mapangano onse a m'malire amene tinasainirana ndi Mozambique, Zambia ndi Tanzania. Yankho likabwera tidzalisindikiza pa tsamba lino lonse lathunthu, ndipo kope limodzi ndidzakasiya ndekha kwa mayi wa kabichi pa Lizulu.